Kalilole wa ana athu ali kuti?

M'chaka cha 1990 mphunzitsi wa pa Ohio State University, Mayi Rudine Sims Bishop, anafanizira buku la mwana ndi zinthu ziwiri: kalilole amene mwana amadzioneramo, ndi zenera loonerapo moyo wa anthu ena. Tiyeni tiyese ndi muyeso umenewu mabuku onena za Malawi amene ana athu amawapeza m'malaibulale a kuno ku Maryland, Virginia ndi Washington.

Odziwika kwambiri ndi awiri. Galimoto, la Karen Lynn Williams, linatuluka mu 1990, ndipo limasimba za Kondi, kamnyamata kotolera mawaya kuti kapange galimoto yoseweretsa. Linalo ndi The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, limene la ana aang'ono linatuluka mu 2012. Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sukulu m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotayidwa.

Mabuku onsewa ndi okoma, ndipo salemba Mmalawi ngati wopemphetsa. Koma taonani kufanana kwake: mnyamata, kusowa, ndi luso lotolera zotayidwa. Kwa mwana wa Chimereka limeneli ndi zenera labwino. Nanga kwa mtsikana wathu wobadwira ku Silver Spring, amene amadya nsima madzulo koma amalota m'Chingerezi? Iye sadzionamo. Ngakhale chilankhulo cha agogo ake chimangosuzumira m'mawu owerengeka.

Bungwe la Africa Access, limene Mayi Brenda Randolph analiyambitsa mu 1989 konkuno, lagwira ntchito yotamandika pounika mabuku onyoza Africa, ndipo linathandiza kukhazikitsa mphotho ya Children's Africana Book Awards mu 1991. Koma woweruza amasankha pa zimene zalembedwa. Sangapereke mphotho kwa buku limene ife sitinalembe.

Ambiri a ife tinakula ndi Sikusinja ndi Gwenembe la a John Gwengwe ndi Nthondo la a Samuel Ntara. Tikapita kumudzi timabwerako ndi ufa, chambo chouma ndi Nali m'sutikesi. Tisiyeko malo a buku limodzi la Chichewa, ndipo amene ali ndi luso atilembere nkhani ya mwana wa maiko awiri. Kuwongola mtengo mpoyamba.