Olongosola Ulendo wa ku Mbenji

Pali luso lina ku Salima lomwe silipatsidwa mphoto: kufotokoza ulendo wa ku chilumba cha Mbenji. Msodzi akatsika bwato ku Chikombe amakhala mtolankhani komanso mlembi wa nthano pakamwa pamodzi. Mtengo wa utaka amaunena molondola, pakuti ogula akumva ndipo sangawapusitse. Koma akafika pa mwera umene unawapeza pakati pa nyanja, mafunde amayamba kutalika, injini imafa kawiri, chilimila chimadzaza mpaka kufuna kung'ambika, ndipo iye ndi amene anapulumutsa anzake onse. Nkhaniyo ikamafika kumidzi yozungulira nkhalango ya Kuti imakhala itanenepa kale.

Ine ndimawatamanda anthu amenewa chifukwa amadziwa poyikapo mchere ndi poleka. Malamulo a Mfumu Yaikulu Makanjira sawakhotetsa: pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi safikapo, ndipo usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane. Mwana womvera nkhaniyo amaseka, koma malamulowo amam'lowa.

Hunter S. Thompson wa ku America anatchuka ndi kalembedwe kotere kosakaniza zoona ndi zokometsera. Mu 1983 anatulutsa buku la The Curse of Lono, lofotokoza ulendo wake wachipwirikiti ku Hawaii, wodzaza mowa ndi phokoso. Asodzi athu ntchito yawo ndi yovutirapo, chifukwa ayenera kukoka makutu a anthu ndi nkhani ya chilumba chomwe munthu amathamangitsidwa akangopezeka ndi botolo la kachasu.