Ndowa, Klorini ndi Mchenga wa ku Nkhata Bay

Kolera tinaizoloŵera ngati matenda a m'dzinja. Koma mu Ogasiti 2022, mvula itasiya kalekale, inabuka m'boma la Nkhata Bay, nigwira makamaka mabanja a m'madoko a asodzi. Mliriwo, umene unayambira ku Machinga mu Malichi chaka chomwecho, unadzafika m'maboma onse, nupha anthu oposa 1,700.

Mwa amene anathamangira kukathandiza munali a bungwe la Red Cross. Anthu ao odzipereka anayenda khomo ndi khomo, kugaŵa klorini wothira m'madzi akumwa, kuphunzitsa kusamba m'manja, ndi kupatsa odwala madzi a mchere ndi shuga. Pa ichi tiwathokoze ndi mtima wonse, pakuti kolera imatha kuumitsa munthu m'thupi ndi kumupha tsiku lisanathe, ndipo kapu ya madzi ameneŵa yapulumutsa ambiri asanafike n'kuchipatala komwe.

Komabe pali chimene chimandivuta. Uthenga wao unali wakuti aliyense agwiritse ntchito chimbudzi. Nanga msodzi wogona pamchenga, amene wabwera kudzatsata usipa kwa milungu yoŵerengeka, chimbudzicho achipeze kuti? Amene anakumbapo dzenje m'mbali mwa nyanja adziŵa kuti mchenga umagumuka usanafike n'kuchiuno komwe. Pamafunika njerwa ndi simenti, ndiponso munthu wosamala malowo tsiku ndi tsiku. Tsono ndalama za thandizo la mwadzidzidzi zimaperekedwa kwa miyezi yochepa chabe. Zimagula ndowa ndi sopo msanga, koma zomangamanga sizifikapo kwenikweni. Klorini akatha m'botolo, mayi uja amabwerera kukatunga pomwe ena amachapira, penanso kudzithandizira. Mlendo ndi mame, anatero akale, ndipo sindikumudzudzula chifukwa chokamuka. Ndikungoti ntchito yotere isamayesedwe ndi chiŵerengero cha ndowa zogaŵidwa.

Abale anga, Msamariya uja atamanga mabala sanakhalitse. Anasiya wovulalayo m'manja mwa mwini nyumba ya alendo. Eni nyumba kuno ndife: khonsolo, mafumu, makomiti a asodzi, ndi Miphakati yathu. Ife Akhristu timaumba njerwa zikwizikwi tikafuna kukuza tchalitchi, ndipo ine ndemwe ndalengezapo zopereka zotere kangapo paguwa. Chopereka cha chimbudzi cha padoko sindinachilengezepo.