Kujambula minda ya kwa Kuntumanji dzuwa lili pansi

Amene anagwiritsapo ntchito kompyuta ya Windows XP akukumbukira chithunzi cha chitunda chobiriwira chija, chimene Charles O'Rear anajambula mu 1996 ku Sonoma, m'chigawo cha California. Zithunzi za mtundu umenewu, za minda yokwera ndi kutsika ya ku Palouse ku America kapena ya ku Tuscany ku Italy, zawazoloweretsa ojambula athu ambiri kuganiza kuti munda wokongola ndi wa pazitunda basi. Munthu wotere akafika kwa Kuntumanji, kuzambwe kwa Nyanja ya Chilwa, amamwaza maso, n'kuona chigwa chokhachokha, n'kunena kuti kuno kulibe chojambula. Kenako amathamangira kudooko kukajambula dzuwa likutuluka kuseri kwa bwato. Zithunzi zoterozo zachita kudzaza pa Facebook. N'zokoma m'maso ndithu, koma simungadziwe ngati anazijambula ku Chilwa, ku Malombe kapena ku Chiuta, ndipo minda imene ikudyetsa anthu a m'deralo siionekamo n'komwe.

Ine ndikuti zitunda kwa Kuntumanji zilipo, kungoti n'zazing'ono ndipo anaziumba ndi khasu. Ndikunena mizere. Mu Okutobala ndi Novembala, anthu akasosa n'kuunga mizere podikira mvula, munda uliwonse umakhala ndi zitunda zake mazanamazana. Masana dzuwa lili paliwombo simungazione, nthaka yonse imangooneka mbuu. Koma m'mawa, dzuwa likangosuzumira kuchokera kunyanja, kuwala kumayenda chokwawa, kumagunda mbali imodzi ya mzere n'kusiya mbali inayo mumdima. Pamenepo ndi pamene chibuma chilichonse, phesi lililonse lokwiriridwa theka, ngakhale phazi la amene wadutsa m'khwawa la mzere, zimaonekera bwinobwino.

Luso lagona pa malo amene wojambula waima. Akafulatira dzuwa, mithunzi yonse imabisala kuseri kwa mizere ndipo munda umaoneka wosalala. Akayang'anizana nalo maso ndi maso, thambo limayera mopitirira ndipo nthaka imada bii. Ayenera kuima moti dzuwa limuwombe paphewa, kuwala kuzidutsa mizere mopingasa. Komanso asaime njo ngati akujambula gulu la paukwati. Anjute, foni kapena kamera ifike m'mawondo, kuti mzere wapafupi ukule n'kumukoka woonera kumka nawo patali. Ngati pafupi pali chulu, akwerepo ajambulenso ali pamwamba, chifukwa m'chigwa chotere ngakhale kukwera pang'ono kumasintha chithunzi chonse. Nthawi yake ndi yochepa. Dziko lathu lili kufupi ndi pakati pa dziko lapansi, choncho dzuwa silizengereza m'munsi monga limachitira ku Ulaya m'chilimwe. Mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo ikamakwana 6 mithunzi ija yafupika kale. Wochokera mumzinda wa Zomba amene akufuna kuyamba wamwa tiyi asavutike n'kunyamuka komwe.

Mizere imeneyi ilinso ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunga mizere yopingasa pofuna kuteteza nthaka, ndipo okana ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa kumene. Malamulo a malimidwe amenewo anadzetsa mkwiyo umene unathandiza chipani cha Nyasaland African Congress kupeza anthu m'midzi. Lero mzere womwewo ndi wathuwathu, palibe amene amauona ngati wachilendo. Wojambula wodziwa zimenezi sangaudutse ngati dothi wamba.

Madzulo nkhani imasintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa nayo. Kuzambwe kwa Kuntumanji kuli phiri la Zomba ndi la Malosa, ndipo nsonga ya Zomba imapitirira mamita 2,000. Dzuwa limalowa kuseri kwa mapiriwa nthawi yake yeniyeni isanakwane, moti kuwala kofiira kotsiriza kuja, kumene ojambula a kumaiko ena amakudikirira, sikufika m'minda. Wodikira kuti dzuwa lifiire kaye amapeza munda wazima kale. Ajambule minda dzuwa litangopendeka, likadali pamwamba pa phiri. Likabisala asalongedze msanga: atembenuke ayang'ane kuvuma, kumene mitambo ya pamwamba pa nyanja imakhala ikadali kuyaka pamene chigwa chili mu chisisira.

Nyengo nayo ili ndi zonena. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba mapiri, dzuwa n'kumaoneka lofiira lisanafike n'komwe pansi, ndipo zithunzi zimatuluka zotuwa. Mvula ikagwa mpweya umayera, mapiri a Chikala kumpoto amaoneka ngati ayandikira. Koma kwa ine nthawi yoposa zonse ndi ya kuwokera mpunga, mu Januwale ndi Febuluwale. Madzi akadzadza m'mapuloti, thambo lonse limatsikira m'munda, ndipo mbande zongowokedwa kumene zimaima m'kati mwa mitambo. Apa ndiye ndi pololedwa kuyang'anizana ndi dzuwa. Wa foni akhudze pamene pakuwala kwambiri n'kutsitsa kuwalako pang'ono, kuti madzi asayere mbee, ndipo aonetsetse kuti malire a thambo ndi dziko awongoka, pakuti m'dziko lathyathyathya kupendekeka kwakung'ono kumaonekera msanga. Aiwale zowonjezera mitundu pambuyo pake. Kubiriwira kwa mpunga n'kokwana kale, ukakuwonjezera chithunzi chimasanduka nsalu yapamsika.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi munda wopanda mwini. Zithunzi za ku Palouse zimakhala zopanda munthu chifukwa kumeneko thirakitala imodzi imalima dera lalikulu. Kwathu kuno ola limene kuwala kuli bwino ndi lomwelo limene anthu ali m'munda, akuthamangitsana ndi dzuwa lisanatenthe. Kuwachotsa m'chithunzi, kapena kudikira kuti achoke, ndi kunama. Kuwasandutsa timithunzi takuda tokongoletsera thambo lofiira nakonso sikokwanira. Mayi amene wawerama ndi mbande m'manja, matope afika m'akakolo, mame anyowetsa chitenje, ndiye mwini wa zonse zimene zikuoneka zokongolazo, ndipo nkhope ndi manja ake ziyenera kuoneka. Izi zimafuna ulemu. Mlendo amayamba wapereka moni, "Mwadzuka bwanji mayi, ntchito ikuyenda?", n'kufotokoza chimene wabwerera, n'kupempha. Mayiyo akakana, wakana. Akalola, aonetsedwe chithunzicho, ndipo ngati n'kotheka chitsukidwe abweretseredwe.

Dziko lakunja limaidziwa Chilwa pa nthawi ya tsoka. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018, pamene zithunzi za mabwato ali pamatope ong'ambika zinafalikira m'manyuzipepala a maiko ambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa makamera ena odzajambula madzi osefukira. Zithunzi zimenezo n'zoona ndipo n'zofunika. Koma pakati pa chilala ndi chigumula pali zaka zimene anthu amalima, kupirikitsa mbalame mumpunga, kukolola, n'kusiya nandolo ali chiimire m'munda chimanga chitachoka, ndipo zaka zimenezo sizijambulidwa kawirikawiri. Dambo la Chilwa linalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar, koma mdzukulu wa kwa Kuntumanji akadzafuna kuona mmene agogo ake ankalimira m'mphepete mwa dambolo, adzapeza zochepa.

Achinyamata a kwa Kuntumanji, ndi inu a ku University of Malawi amene muli pafupi pomwepa, foni ya Tecno kapena Itel imene muli nayo ikukwana. Sankhani munda umodzi, pemphani eni ake, ndipo muziujambula muli pamalo amodzimodzi kuyambira posossa mpaka pokolola. Pachithunzi chilichonse lembani tsiku, mudzi ndi mbewu imene ili m'mundamo, ndipo muzisunge.