Ndani analipira kuti Tsotsi asinthe?

Filimu ya Tsotsi ili ndi kaluso kena koopsa. Imakukondetsa munthu amene ukanakumana naye kudepoti usiku ukanaliyatsa liwiro osacheuka. Ikungoyamba kumene, iye ndi anzake apha bambo wina m'sitima. Tisanapume n'komwe, wamenya mnzake mpaka kumuphwanya nkhope, wawombera mayi pageti la nyumba yake n'kuthawa ndi galimoto. Koma pofika kumapeto, mnyamata yemweyo ataima pageti lomwe lija apolisi atamuloza mfuti, ambirife timakhala tikupemphera chamumtima kuti chonde asamuwombere. Ife tomwe, amene mbava ikagwidwa mumsika sitifunsa kuti inakula bwanji.

Sindikuti tisamumvere chisoni. Chomwe chimandivuta n'chakuti chisoni chimenechi si chaulere. M'nkhaniyi muli anthu amene analipira kuti Tsotsi asinthe, ndipo buku ndi filimu zimasiyana kwambiri pa amene zikumuwerengera ndi amene zikumuiwala. Ndiulula mathero a zonse ziwiri, ndiye ngati simunaonere kapena kuwerenga, musadzati sindinanene.

Bukuli analemba ndi Athol Fugard, mzungu wa ku South Africa wodziwika kwambiri ndi zisudzo, ndipo iyi ndi nthano yaitali yokhayo imene anatulutsa. Anailemba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, n'kuisiya, mpaka inadzasindikizidwa mu 1980. Nkhani yake ikuchitika m'zaka za m'ma 1950, m'dera la anthu akuda ku Johannesburg komwe boma latsankho likugwetsa nyumba, monga linachitira ndi Sophiatown kuyambira mu 1955. Gavin Hood anaitenga nkhaniyi n'kuisamutsira ku Joni ya masiku ano, ya kwaito ya Zola ndi mageti otsegula ndi rimoti. Filimuyo inatuluka mu 2005, ndipo chaka chotsatira inapata Oscar ya filimu yopambana mwa za m'zilankhulo zina. Presley Chweneyagae, yemwe anasewera ngati Tsotsi, anamwalira mu 2025, chaka chomwenso Fugard anatsikira kuli chete.

Tiyambe ndi bambo wa m'sitima uja. Mufilimu dzina lake silimveka. Tikumuona pasiteshoni envelopu ya ndalama ikuonekera, anyamata anayi akumuzinga m'sitima yodzaza, Butcher akumubaya, basi yatha. Imfa yake yangobwera kudzationetsa kuti anyamatawa si amasewera. Fugard sanatero. Asanamuphe, anayamba wamupatsa moyo. Dzina lake ndi Gumboot Dhlamini. Anasiya mkazi wake Maxulu ali woyembekezera kumudzi, anayenda mtunda wautali kukasaka ntchito kumigodi, wapirira pafupifupi chaka chathunthu, ndipo kwangotsala masiku ochepa kuti abwerere kwawo akaone mwana amene sanamuonepo. Zomwe zamuphetsa n'zinthu zitatu zazing'ono kwambiri. Akumwetulira pakati pa anthu otopa. Wavala tayi yowala imene anagula kuti akatchene pofika kumudzi. Pogula tikiti watulutsa malipiro ake anthu akuona. Butcher akumulasa ndi sipoko ya njinga yosongola, anthu ali thithithi m'sitimamo, ndipo palibe wazindikira kanthu mpaka gulu litayamba kutsika.

Aliyense amene agogo ake anapitako ku Wenela, kapena ali ndi mchimwene ku Joni wotumiza kangachepe mwezi ukatha, Gumboot akumudziwa. Apa ndi pomwe bukuli limandigwira. Fugard akukusenzetsa maliro amenewa m'masamba onse otsalawo. Tsotsi akamachita chabwino chilichonse kutsogoloku, iwe ukukumbukira kuti kwinakwake kuli mayi wobereka khanda amene akuyang'ana kumsewu, akuwerenga masiku. Filimu inatitula katundu ameneyu. Pofika pakati, ndani akumukumbukiranso bambo uja? Boston yekha, amene anasanza atatsika sitima n'kuyamba kufunsa mafunso a umunthu kushabini, ndipo yankho lomwe analandira linali zibakera ndi nsapato.

Pa mwana ndiye zinthu zikutembenuka, ndipo apa filimu ndi imene inalimba mtima.

M'buku Tsotsi sakuba mwana. Wabisala m'mitengo ya bulugamu usiku, wagwira mtsikana wodutsa ali ndi zolinga zoipa, ndipo mtsikanayo akumukankhira katoni ya nsapato m'manja n'kuthawa. M'katonimo muli khanda. Mtsikanayo sitidzamuonanso, dzina lake sitilidziwa, ngakhale komwe amapita nalo khandalo usiku umenewo sitiuzidwa. Mwanayu ali ngati wagwa kuchokera kumwamba. Palibe akumulira, palibe akumusaka, choncho pa iyeyu Tsotsi alibe ngongole kwa wina aliyense. Funso la buku likuthera mumtima mwa Tsotsi momwemo. Kodi munthu amene anazimitsa chikumbumtima mpaka kuiwala dzina lake ndi ubwana wake angatsitsimukenso?

Hood anasintha chinthu chimodzi chimenechi, nkhani yonse n'kusintha nacho. Mwana ali pampando wakumbuyo wa galimoto yobedwa ija. Ali ndi mayi, Pumla Dube, amene wagona m'chipatala chipolopolo chitamupha miyendo. Ali ndi bambo, John, amene akulimbana ndi apolisi kuti achite changu. Ali ndi chipinda chake chodzaza zidole. Tsiku lililonse limene Tsotsi akuphunzira kumanga thewera la nyuzipepala ndi tsiku limene Pumla sakudziwa ngati mwana wake ali moyo. Timaseka kuona chigawenga chikusowa pogwira ndi khanda lolira, kenako kamera imatibwezera kuchipatala, phwete lija n'kutiuma kukhosi. Chikondi chimene chikumera mwa Tsotsi n'chenicheni, sindikukana, koma chamera m'munda wa eni. Kodi chinthu chimene chikukuchiritsa, ngati unachita kuba, uli ndi ufulu wochisunga? Funso ili n'lolemera kuposa la m'buku, chifukwa mbali inayo kuli munthu wamoyo amene akudikira yankho. Taonaninso kuti a Dube ndi anthu akuda, kungoti ndi opeza bwino. Mpanda wolekanitsa nyumba yawo ndi chisakasa cha Tsotsi tsopano ndi wa ndalama, osati wa khungu.

Tsopano Miriam. Apa buku ndi filimu zimandikwiyitsa mofanana. Mwana akulira njala, mkaka wa m'chitini wangoitana nyerere, ndiye Tsotsi akuona mayi wa khanda pamzere wa pampopi n'kumukakamiza kuti ayamwitse mwana wosamudziwa. Mufilimu akuchita kumuloza mfuti. Tisazembe anzanga, uku n'kulanda thupi la mzimayi moopseza. Mayiyu ali kale ndi zake zomulemera, poti mwamuna wake anachoka kupita kuntchito osabweranso, ndipo watsala yekha ndi mwana. Koma nkhani ilibe nawo nthawi mantha ake. Posakhalitsa wamukonda mwana uja, akumusambitsa, akumuveka, ngakhale Tsotsi yemwe akumulandira m'nyumba. Terry Pheto anasewera mbali imeneyi mwaluso moti umaiwala kufunsa kuti mkwiyo wa mayiyu wapita kuti. Nkhani zoterezi timazikonda eti, za mkazi woleza mtima amene amaweta chilombo mpaka chisanduke munthu. Kunja kwa filimu, akazi ambiri oyesa zimenezi amathera kuchipatala.

Komabe filimu inamupatsa Miriam mphamvu ina imene ndimailemekeza. Akukana ndalama zakuba zimene Tsotsi wamubweretsera, ndipo akumuuza mosapita m'mbali kuti miyendo ya mayi uja sangaibweze koma mwana angathe kubweza. Mufilimu yonseyi, iye yekha ndi amene akuwerengera ngongoleyo molondola, yobwezeka payokha, yosabwezeka payokha.

Za Morris, wopemphetsa amene miyendo yake inathera mumgodi, sindichulutsa. Tsotsi akumutsatira usiku mpaka pamalo opanda anthu, akucheza naye, kenako akumusiya wamoyo. M'buku apa ndi pomwe akuzindikira koyamba kuti kupha n'kusankha, ndipo kuti angathenso kusankha kusapha. Ndi gawo lokongola, kungoti tisaiwale kuti mphatso yonse imene Morris walandira usiku umenewo ndi kusaphedwa.

Nanga chinamusandutsa chilombo n'chiyani? Zonse ziwiri zili ndi galu amene bambo ake a Tsotsi anamuthyola msana ndi theche, komanso kamnyamata, David, kothawa kwawo kukagona m'mapaipi ndi ana ena. Koma m'buku, bambowo atatsala pang'ono kufika kuchokera komwe anakhala zaka zambiri, apolisi akuchita chipikisheni cha zitupa usiku n'kuwatenga mayi ake, David ali ndi zaka 10. Lomwe lamulanda mayi ndi boma, kudzera m'lamulo lolembedwa. Ngakhale chipupa cha kumapeto kwa nkhani chikugwetsedwa ndi boma lomwelo. Mufilimu mayi agona pabedi ndi matenda amene sakutchulidwa koma tonse tikuwadziwa, ndipo bambo ndi chidakwa chankhanza. Mlandu wachoka ku Pretoria, walowa m'nyumba. Kwa Joni ya 2005 zimenezi zili ndi choonadi chake, Edzi inasiyadi ana ambiri m'misewu. Koma zinapangitsanso nkhaniyi kukhala yosavuta kumeza. Woonera wa ku Los Angeles kapena wa ku Sandton angalire mokwanira, n'kutuluka osamva kuti naye ali ndi mbali pa mapaipi aja.

Tifike kumathero, komwe ndimasiyana ndi anthu okonda bukuli.

M'buku, Miriam akupempha kuti amusiyire mwanayo amulere. Tsotsi sakumukhulupirira mokwanira, ndiye akumubweza kumabwinja komwe amamubisa. M'mawa akumva makatapila a boma akugwetsa mabwinjawo, akuthamanga kuti akamuchotse, chipupa n'kuwagwera onse awiri. Pomufukula, anthu akudabwa kuona nkhope yake ikumwetulira. N'kosavuta kuwerenga zimenezi ngati chipulumutso. Wakumbukira kuti ndi David Madondo, wamva za Mulungu kwa Isaiah wosamala maluwa patchalitchi, wafa akuyesa kupulumutsa moyo, iye amene ntchito yake inali kuuchotsa. Ine manja amandikanika kuomba. Mwana wafa, aise. Wafa chifukwa munthu amene anamusunga anakana kumupereka kwa mayi amene anali ndi mkaka komanso denga. Ndipo buku lomwe lija linatipatsa mbiri yonse ya Gumboot, potseka maso ake ali pa kumwetulira kwa Tsotsi, osati pa kamtembo kali naye pansi pa njerwazo. Fugard, amene anali wachilungamo kwambiri kumayambiriro, pomaliza wakopeka ndi mpangankhani wake. Imfa apa yagwira ntchito ya sopo. Wakufa sayankha mlandu, ndipo mukudziwa momwe timachitira pamaliro, ngakhale amene anavutitsa mudzi wonse timamunenera zabwino zokhazokha.

Filimu inakana kumupatsa njira yachidule imeneyi. Tsotsi wabwererapo kale kunyumba ya a Dube ndi Butcher ndi Aap, iwo akufuna katundu, iye akutola zidole ndi mkaka wa mwana, ndipo Butcher atafuna kuwombera John, Tsotsi anamupha mnzakeyo. Wapulumutsa moyo pochotsa wina, chifukwa ndi njira yokhayo imene manja ake akuidziwa. Tsopano akubweranso, ali yekha, atanyamula mwana. Akanatha kumusiya pageti n'kuzimiririka, koma akuchedwa, akukanika kumutula, mpaka apolisi amuzinga. John akuwauza kuti atsitse mfuti, akutsegula geti, akumulandira mwana m'manja mwa munthu amene anapundula mkazi wake. Pumla ali pomwepo, panjinga ya olumala. Sakumukhululukira, ndipo filimu sikumupempha kutero. Wangokumbatira mwana wake. Tsotsi akukweza manja pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu, filimu n'kuthera pomwepo.

Hood anajambulanso mathero ena awiri, ena Tsotsi akuphedwa, ena akuthawa, koma onsewo anawasiya. Anasankha bwino. Akanaphedwa, tikanabwerera ku sopo wa Fugard uja. Akanathawa, ikanasanduka filimu ya m'mavidiyo sho, yoimbira likhweru. M'mathero amene tili nawowa, munthuyu wabweza chimene chinali chobwezeka, akudziwa kuti sichikwanira, ndipo watsala wamoyo kuti akaime m'khoti. Pa mfundo imeneyi filimu yaposa buku, ndipo si kawirikawiri ndimanena zimenezi.

Kungoti apolisi amene amuzungulira pageti paja abwerera nkhani ya galimoto, ya mfuti ndi ya mwana wa a Dube, banja lokhala ndi geti, alamu ndi dzina. Za bambo wa m'sitima uja filimu sikutionetsa ndi mmodzi yemwe akufunsa.