Timu imafa ikadali pamwamba: maganizo anga pa buku la Ken Dryden, The Game

Nkhani zambiri za masewera zimalembedwa ngati lipoti la pa wailesi lomwe angolitalikitsa: tinasewera ndi akutiakuti, tinamwetsa zigoli zakuti, tinanyamula chikho, tikuthokoza Mulungu ndi masapota. Ukawerenga kamodzi zatha ntchito, pepalalo ukhoza kukulungira mandasi. The Game, buku lomwe Ken Dryden anatulutsa mu 1983, ndi la mtundu wina. Likukamba za sizoni imodzi ya timu imodzi, pa masewera omwe ambiri a ife kuno ku Balaka ndi ku Machinga sitinawaonepo ndi maso, komabe ine ndikuti n'loyenera kuti tiliwerenge.

Masewerawo ndi hockey ya pa ayezi. Ndikudziwa wina waseka kale, poti ife ayezi timamuonera mu kulabokosi ya amayi ogulitsa mafirizesi pa depoti ya Liwonde dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndiye pirirani ndifotokoze pang'ono. Bwalo lake ndi madzi oundana. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, ndipo m'malo mwa mpira amamenya ndi ndodo kachimbale kakuda ka labala kotchedwa puck. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo, goloboyi ali momwemo. Masewera amawagawa patatu, mphindi 20 chigawo chilichonse. Liwiro lake ndi loopsa moti wosewera akathamanga mphindi imodzi yokha amatuluka, mnzake n'kudumphira m'bwalo masewera ali mkati, oyimbira osaimitsa. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Dryden anali goloboyi wa Montreal Canadiens, timu ya ku Canada yomwe inayamba mu 1909 ndipo yatenga chikho cha Stanley Cup maulendo 24, kuposa ina iliyonse mu ligi ya NHL. Iye yekha anachinyamula ka 6: mu 1971, 1973, kenako zaka zinayi zotsatizana kuyambira 1976 mpaka 1979. Tangoonani mmene timuyi inkazunzira anzake. Pa masewera 80 a sizoni ya 1976-77 inapambana 60, n'kugonja 8 okha. Sizoni yotsatira inagonja 10. Koma mu 1978-79, yomwe ndi sizoni ya bukuli, inagonja 17, ndipo New York Islanders anaiposa ndi pointi imodzi, 116 kwa 115. Kwa munthu wakunja palibe chodandaulitsa apa. Kwa amene anali mkati, kunali ngati kuona ufa wa chiswe pansi pa mtanda wa denga, nyumba ikuonekabe yolimba kwa odutsa mumsewu.

Apa ndi pomwe pagona mphamvu ya bukuli. Dryden akulemba za timu yomwe ikupambanabe koma njala yatha. Anyamata omwe kale ankalimbirana malo tsopano ali ndi ndalama, mayina ndi zochita zina. Kupambana kwasanduka ngongole: ukawina anthu amangoti ndi ntchito yako, ukaluza mzinda wonse umafuna kudziwa chavuta n'chiyani. Iye mwini wasankha kale mumtima kuti ino ndi sizoni yake yomaliza, ndiye chilichonse akuchiyang'ana ndi diso la munthu wotsanzika. Aliyense amene anakhalapo m'kwaya, m'gulu la zisudzo kapena m'bandi yomwe inatchuka kenako n'kuyamba kuzirala mamembala onse akadalipo, adzazindikira fungo limeneli.

Kamangidwe ka bukuli n'komwe kanandigwira kwambiri monga munthu wokonda zolembalemba. Mlembi wina akanayamba ndi masewera oyamba, n'kumatiyendetsa mwezi ndi mwezi mpaka tsiku la chikho. Dryden anatenga masiku ochepa wamba a kumapeto kwa sizoni, mpikisano wa chikho usanayambe, n'kuwasandutsa mitu ya buku. M'masiku amenewo muli kupita ku maphunziro a timu, maulendo, kudikirira, nthabwala zopanda mutu za m'chipinda chovalira, ndi maganizo omwe amamubwerera munthu akakhala yekha. Kuchokera pa tsiku wamba amatha kubwerera ku ubwana wake ku Toronto, komwe ankasewera kuseri kwa nyumba ndi mkulu wake Dave, yemwenso anadzakhala goloboyi wa mu NHL, kenako n'kutibwezanso m'chipinda muja.

Chonsecho sizoniyi inali ndi zochitika zokwana filimu yathunthu. Pa 10 Meyi 1979, m'masewera a nambala 7 omwe amagamula wopita ku fainolo, Boston Bruins ankatsogola kutatsala mphindi zochepa. Mukukumbukira zosinthana masewera ali mkati zija? Boston inasokoneza mawerengedwe, inapezeka ndi munthu woonjezera m'bwalo, ndipo inalangidwa kusewera yoperewera. Guy Lafleur anabweza chigoli kutatsala masekondi 74, Yvon Lambert n'kumaliza nkhani m'nthawi yoonjezera, 5-4. Ku fainolo Montreal inagonja masewera oyamba kwa New York Rangers, kochi n'kuganiza zomukhazika Dryden pa benchi. Goloboyi winayo, Michel Larocque, anamenyedwa ndi puck kumutu pokonzekera masewera achiwiri, Dryden n'kubwerera pagolo, timu n'kupambana masewera anayi otsatizana. Wolemba waulesi akanamanga buku lonse pa zimenezi. Dryden anaika mtima wa buku lake pa masiku omwe kulibe kamera, chifukwa zotsatira aliyense anali atazidziwa kale. Chomwe sapota sangachione ali pa sitandi n'chomwe iye anabweretsa.

Ntchito ya ugoloboyi inamuthandiza. Timu yako ikakhala yamphamvu chonchi, mpira umakhalitsa mbali inayo. Dryden ankadziwika ndi kaimidwe kake: manja atasanjika pamwamba pa ndodo, chibwano pamanjapo, akuonerera. Ndiye kuti anali mkati mwa timu koma ataima padera, malo enieni a mlembi. N'chifukwa chake anthu a m'bukuli ndi amoyo. Kochi Scotty Bowman akuoneka munthu wouma, wosafuna kukondedwa, wovuta kumumvetsa, koma Dryden sakubisa kuti ndi amene ankadziwa kufinya timu mpaka itulutse zonse. Lafleur, katswiri wochokera m'katauni ka Thurso, akumugwiritsa ntchito pofunsa funso lomwe limatikhudza ifenso: luso lenileni limabadwira kuti? Dryden akuona kuti limabadwa mwana akamasewera yekha kapena ndi anzake, popanda wamkulu womuuza zochita, ndipo akudandaula kuti masewera a ana akamakonzedwa kwambiri ndi akuluakulu, nthawi yoyesa zopusa zomwe zimabala luso imasowa. Powerenga pamenepa ndinkaona ana a ku Ntaja ndi ku Ulongwe akuthamangitsa chikulunga pa fumbi, golo ili miyala iwiri, mpaka mdima utawabalalitsa.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Montreal ili m'chigawo cha Quebec komwe ambiri amalankhula Chifalansa, ndipo mu 1976 chipani cha Parti Québécois, chofuna kuti chigawochi chidziimire pachokha, chinapambana chisankho. Dryden ndi wolankhula Chingelezi wa ku Ontario, akutchinga golo la timu yomwe olankhula Chifalansa amaitenga ngati mbendera yawo. Ife a kuno sitifunika kutifotokozera zambiri. Timadziwa mmene zimakhalira pa timu ya m'mudzi pomwe ena akukuwirana m'Chiyao, ena m'Chichewa, nthabwala ina n'kukudutsa, komabe mpira ukabwera nonse mukudziwa kothamangira.

Koma ndisakunamizeni kuti bukuli lilibe zilema. Choyamba, pali masamba ambiri omwe Dryden akusiya anzake aja n'kuyamba kuphunzitsa mbiri ya hockey: mmene malamulo anasinthira, chiwawa cha m'bwalo, ndi chomwe osewera a ku Soviet Union ankachita mosiyana ndi a ku Canada. Maganizo ake ndi akuthwa, koma kwa ife amene sitinakule ndi masewerawa, pamenepa galimoto imalowa m'matope. Chingelezi chakenso ndi cha ziganizo zazitali, ndipo pa foni chimafuna kuleza mtima.

Chachiwiri ndi chachikulu. Bata lomwe Dryden ali nalo potsanzika ndi bata la munthu yemwe ali ndi kolowera. Anaphunzira mbiri yakale ku Cornell University, malamulo ku McGill University. Mu 1973-74 atasemphana ndi timu pa za malipiro, anakhala sizoni yonse osasewera, akugwira ntchito ku ofesi ya maloya ku Toronto. Anapuma ali ndi zaka 31, ndipo pambuyo pake anadzakhala phungu ndi nduna m'boma la Canada. Akhoza kuyang'ana mapeto a mpira wake ngati nkhani yosinkhasinkha chifukwa mawa lake linali lotetezeka. Anzake omwe analibe sukulu yotero timawamva kudzera pakamwa pake, ndipo mantha awo enieni a tsiku lomwe miyendo idzakane timangowaonera patali. Mnyamata yemwe akusewera pa Balaka Stadium lero, bondo likathyoka, nkhani yake ndi ya lendi ndi thumba la chimanga. Buku lake likanakhala lowawa kuposa ili.

Ndiye apa ndafika pomwe ndimafuna. Ifenso tili ndi masizoni oyenera mabuku. Mu 2004 Bakili Bullets, yomwe inkathandizidwa ndi a Bakili Muluzi a kwathu konkuno ku Machinga, inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League pansi pa a Kinnah Phiri, n'kukumana ndi Enyimba ya ku Nigeria ndi Étoile du Sahel ya ku Tunisia. Ndalama zija zitachoka, timu ija inamva bwanji mkati? Posachedwapa Bullets yomweyo inatenga TNM Super League kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, kenako mu 2024 Silver Strikers inalanda ligi, kochi wake ali Peter Mponda, mwana wa ku Bullets komweko. Zigoli zonse tikuzidziwa, zili pa Facebook. Koma m'basi yobwerera ku Blantyre mutagonja mumakhala chete wotani? Wosewera wamkulu amamuyang'ana bwanji mwana wa zaka 19 yemwe wabwera kudzatenga malo ake? Nanga za bonasi yochedwa, za mankhwala achikuda omwe aliyense amakana pagulu, za mkazi yemwe akudikirira kunyumba? Zimenezi timazimva m'mphekesera za m'mavidiyo sho ndi pa bawo, mawa lake zauluka.

Mbiri ya mpira wathu yakhala kwambiri m'mawu: m'kamwa mwa owulutsa ngati a Steve Liwewe Banda, ndi m'makumbukiro a madala omwe anaonera a Kinnah akumwetsa zigoli. Mawu ndi okoma koma amapita ndi mwini wake. A Jack Chamangwana anatisiya mu 2018. Dryden naye anamwalira mu Seputembala 2025, koma mnyamata wa ku Balaka yemwe sanapondepo ayezi akhoza kulowabe m'chipinda chovalira cha Montreal cha mu 1979 n'kumva kuseka kwa anthu amene aja. Sizoni itatha, Bowman anapita ku Buffalo, Jacques Lemaire ku Switzerland, Yvan Cournoyer ndi Dryden anapuma, ndipo chikho sichinabwererenso ku Montreal mpaka 1986. Timu ija inathadi monga ankaonera. Chomwe chinatsala chathunthu ndi buku.

Kodi mulisake? Ngati mumakonda nkhani yothamanga, mwina likutopetsani. Ngati mumalemba, kapena mumafuna kudzalemba, lisakeni, mudumphe masamba a malamulo ngati akulemera, koma muonetsetse mmene munthu amasandutsira Lachiwiri wamba kukhala mutu wa buku. Ndipo ngati muli ndi amalume omwe anasewerapo ligi, kapena mnzanu yemwe amakhalira benchi timu ya m'boma lino, foni yomwe mukuwerengera iyi ili ndi chojambulira mawu. Musawafunse kuti munawina zingati. Afunseni kuti tsiku lomwe anadziwa kuti timu yawo yayamba kutha linali liti, ndipo anaonera chiyani. Mulembe m'Chichewa kapena m'Chiyao, mmene akuyankhuliramo.