C. S. Forester ndi Ngalawa Zace

Mwana wa ku Maganga adziwa mwera asanadziwe kuwerenga. Waona atate wace alikukokera bwato pamcenga ku Senga Bay nyanja itakalipa, ndipo buku lonama za m'madzi silingam'nyenge. Cifukwa cace mphunzitsi wofuna nkhani zosimbira ana otere ayenera kuyesa bwino mlembi wace.

C. S. Forester anabadwira ku Cairo m'caka ca 1899, nakulira ku London. Anayamba kuphunzira udokotala pa Guy's Hospital, koma anausiya nasankha kulemba. Anachuka ndi Horatio Hornblower, kapitao wa ngalawa ya nkhondo ya Angelezi m'masiku a Napoleon, amene anaonekera poyamba m'buku la The Happy Return m'caka ca 1937. Hornblower si ngwazi ya m'nthano ai. Mafunde am'sanzitsa, adzikayikira usiku ndi usana, komabe agwira nchito yace. Apa mpamene pali luso la mlembiyu, amene anamwalira ku California m'caka ca 1966.

Buku loyandikira kwa ana a m'mbali mwa nyanja ndilo The African Queen, la 1935. Rose Sayer, mlongo wa mmishoni, ndi Charlie Allnutt, makaniko, atsika mtsinje m'kasitima kakale kuti akamize sitima ya Ajeremani panyanja. Forester adziwa msomali uliwonse wa kasitimako, nkhuni za m'ng'anjo yace, ndi cosokosa ca injini. Msodzi angavomere zonsezi.

Koma eni dziko ali kuti? Akristu a pamishoni atengedwa ndi Ajeremani pa masamba oyamba, ndipo kuyambira pamenepo mtsinje uli ngati wopanda mwini. Cilema cimeneci ncacikuru, pakuti nkhondo yotere inacitikadi pa nyanja yomwe ana a ku Maganga asambamo. Mu August 1914 sitima ya Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kapitao Rhoades, inaombera Hermann von Wissmann iri pamtunda ku Sphinxhaven, kumene lero kuchedwa Liuli. Amene anasonkha moto m'masitimawo ndi kudula nkhuni zace m'madooko anali anthu akuda. M'buku la Forester anthu otere alibe ngakhale dzina.

Mphunzitsi awerengere ana ndime ya kukonza cipalasiro cothyoka, kenaka awatume kwa agogo ao akafunse amene anasenza nkhunizo.