Makolo Athu M'mabuku a Alendo

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mawuwa ndi oona, koma anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu amene mwayamba kuwerenga tsopano, kumbukirani miyambi iwiriyi pamene mutsegula mabuku amene alendo analemba za makolo athu.

Buku limodzi lotere ndi la David Livingstone wa ku Scotland ndi mng'ono wake Charles, limene linasindikizidwa mu 1865. Liyenera kuyamikidwa, pakuti linasunga zimene ife tikadaiwala. Limanena kuti Amang'anja anali kulima thonje ndi kuwomba nsalu, kusungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu. Munthu wonena kuti makolo athu anali aulesi ayambe wawerenga bukuli.

Koma mlendo amaona tsiku lokhalo limene wafika. Livingstone anafika pa Magomero, muno m'Chiradzulu, mu July 1861, pamodzi ndi Bishopu Mackenzie. Anapeza midzi ikupsa ndi anthu ali m'magoli. Pomwepo alendowo anagawa anthu pawiri: Amang'anja ozunzidwa ndi Ayao ozunza. Bishopu mpaka anatenga mfuti napita kukamenyana ndi Ayao.

Kodi anagawa bwino? Iai. Ayao ambiri nawonso anali othawa nkhondo ndi njala kwawo, akufuna malo olima. Ndipo mafumu ena a Amang'anja analikugulitsa anthu. Henry Rowley, mmodzi wa amishoni a pa Magomero, anavomera zimenezi m'buku lake. Komanso alendowo anapeza ufumu wa Lundu utafooka kale, choncho sanaone mphamvu zimene unali nazo zaka 200 m'mbuyomo. Anaona phulusa, moto sanauone.

Ife adzukulu tili ndi cholakwa chathunso. Mu 1964 dziko lathu linatenga dzina la Malawi pokumbukira ufumu wa Amaravi, ndipo zinayenera kutero. Koma ena pokamba zakale amangotchula ulemerero, nabisa zoti m'bale anagulitsa m'bale.

Lero mwana wa Mmang'anja, wa Myao ndi wa Mlomwe amakhala pa benchi limodzi m'sukulu. Tikawaphunzitsa kuti mtundu wina unali woyera ndi wina woipa, tidzafesa udani pakati pawo. Chifukwa chake powerenga buku la mlendo funsani mafunso atatu: anafika liti, anakhala masiku angati, ndipo anamumasulira mawu ndani? Mukatero, pitani mukafunsenso agogo anu.